Mphonje Yopotokera Kumanzere

Mu shopu ya Aphunzitsi munali lamulo limene wophunzira aliyense ankalimva asanakhudze ulusi: pophunzira kupota chingwe, khala pambali pa wokuphunzitsayo, usakhale moyang'anizana naye. Ukakhala tsidya lina la tebulo, dzanja lake lamanja limakhala kumanzere kwako, ndiye iwe potsanzira umapotera kumene iye sakupotera. Koma mtsikana wa nkhani yathu ino, tsiku limene anayamba, anapeza benchi itadzaza. Anakoka kampando n'kukhala kutsogolo kwa Aphunzitsi, maso ali pa zala zawo. Aphunzitsi anali atapanikizika ndi makatani a hotela ina, sanalabadire. Pamene ankadzidzimuka n'kuti zala za mwanayo zitazolowera kale, ndipo zala zikazolowera sizimva kukalipa. Zingwe za aliyense mu shopumo zinkapotokera kumanja, zake zokha kumanzere. Dzina linabadwira pomwepo: Kamanzere.

Dzinalo silinkamuwawa, chifukwa ntchitoyo ankaikonda. Ankaluka timalamba ta m'mphepete mwa masofa pa thabwa la misomali, ankapota zingwe zomangira makatani, koma mtima wake unali pa mphonje, timichira ta ulusi tolendewera m'makona a mapilo tija. Ankakulunga ulusi pa kamkanda kathabwa mpaka mutu wa mphonje ubulungire, n'kumanga khosi lake molimba, kenako n'kupesa mchira ndi kuudula kuti ufanane. Chingwe chake chopotokera kumanzere chinali ngati chidindo. Ndipo chidindo chimenecho n'chimene chinamulanda mtendere Lolemba lina m'mawa.

Kadona analowa mochedwa monga mwa masiku onse, fungo la perefyumu litatsogola, mwiniwake akubwera pambuyo. Anali mwana wa mayi wina wa sitolo yaikulu ya nsalu, mnzawo wa ponda apa nane mpondepo wa Aphunzitsi, ndipo kuluka ankaphunzira ngati munthu amene akungotaya nthawi podikira basi. Chikwama chake sanachiike pansi pa benchi pamene anzake ankaika zawo. Anachikhazika pakati pa tebulo. Pa zipi yake pankalendewera mphonje yofiira ya khosi lagolide.

Kamanzere anaiyang'ana koyamba, sanakhulupirire. Anaiyang'ananso bwinobwino. Kachingwe kolendeweretsa mphonjeyo kanali kopotokera kumanzere.

Mphonje yofiira ya khosi lagolide iye anali atapangapo imodzi yokha, ndipo sanaigulitse. Anaimangirira ndi manja ake ku makiyi a mwana wa Aphunzitsi, mnyamata wokonza masofa kuseri kwa shopuyo amene onse ankangomutchula kuti Wamasofa, yemwe Loweruka la sabata lomwelo ankayenera kukaonekera kwa achimwene ake a Kamanzere.

*

Chikondi chawo chinayambira pa khomo lopapatiza la kuseri. Tsiku lina Wamasofa ankalowetsa mpando waukulu atausenza pamutu, Kamanzere akutuluka ndi mtolo wa ulusi. Mwendo wa mpandowo unakola juzi ya mtsikanayo n'kuthothola batani lachikasu, lobulungira ngati nsawawa. Anafufuza onse awiri chogwada pansi, mnyamatayo n'kunena kuti silikuoneka. Kuyambira pamenepo juziyo inkatsekedwa ndi pini, ndipo Wamasofa ankapepesa tsiku lililonse mpaka kupepesako kunasanduka nkhani zina.

Lolemba lija, nthawi ya nkhomaliro, Kamanzere anazungulira kuseri. Anamupeza atawerama pa sofa yong'ambika, timisomali tili pamilomo.

"Wabwera kudzaona ine kapena sofa?" anafunsa Wamasofa atalavulira timisomali m'dzanja.

"Ndibwereke makiyi a chipinda cha ulusi. Woyera watha."

Ulusi woyera unali wodzaza bokosi, koma mnyamatayo sankadziwa zimenezo. Anapisa m'thumba n'kumuponyera makiyi. Kamanzere anawawakha. Anali makiyi okhaokha, zitsulo zozizira, popanda kanthu kofiira.

"Mphonje ija ili kuti?"

Wamasofa anakanda m'mutu. Anali munthu wosadziwa kunama. Bodza likafika pakhosi pake ankayamba walimeza kaye.

"Ili kunyumba. Ndinaichotsa, imada ndi girisi."

"Girisi wa pa sofa?"

"Fumbi, ndimati fumbi. Kodi iwe lero wadzukira kumanzere?"

Tsiku lina akanaseka, pakuti nthabwala imeneyi inali yawo. Lero sanaseke.

"Mawa ubwere nayo."

"Mawa... ndiyesetsa."

"Uyesetsa? Ndi thumba la simenti kodi loti likulemere?"

Wamasofa anatambasula dzanja kuti amugwire paphewa, ndipo m'pamene Kamanzere anaona mapulasitala awiri, wina pa chala chachikulu, wina pa chamkombaphala. Mnyamatayo atazindikira kumene maso alunjika anabisa manja m'matumba msangamsanga.

"Zala zatani?"

"Misomali."

Munthu amene anakulira pa misomali, amene ankaitafuna ngati chimanga chokazinga, lero misomali yamulasa zala ziwiri? Kamanzere anaika makiyi aja pa mkono wa sofa. Za ulusi woyera anali ataiwala.

"Loweruka likadalipo eti?" Wamasofa anafunsa mawu atatsika. "Malaya ndachapitsa kale. Achimwene ako asakandione ngati chidole cha m'munda."

"Loweruka likadali kutali," anayankha Kamanzere, n'kutembenuka.

*

Masana onse Kadona ulusi sanaugwire kwenikweni. Ankangoseweretsa mphonje ija, kuipesa ndi zikhadabo zake zopenta, kuizunguza pa chala. Mayi wina wachikulire amene ankaphunzira nawo, wokonda kufunsa chilichonse, sanapirire.

"Koma ndiye yakongolatu. Mwaigula kuti, asisi?"

"Zinazi sitigula," anatero Kadona akumwetulira, maso ataponya tsidya la tebulo. "Ndi mphatso. Yachokera m'nyumba mwenimweni mwa Aphunzitsi."

"Ee! Ndiye kuti zinthu zili bwino."

"Aa, inu amayi, musandiyambitse."

Aphunzitsi anali pomwepo, magalasi ali pamphuno, akupesa mphonje yaikulu ya katani. Sanatsutse, sanavomere. Anali mayi wa mawu ochepa, ndipo za chibwenzi cha mwana wawo ndi Kamanzere sanazitchulepo n'kamodzi komwe. Kungoti mnyamatayo akabweretsera mtsikanayo kapu ya tiyi, iwo ankanena mokweza, ngati akuuza khoma, kuti, "Mwana wanga uyu ndi wachifundo kwa aliyense, ngakhale kwa agalu a mumsewu." Pomwe Kadona akangomanga mfundo imodzi yowongoka, ankaiimika m'mwamba kuti onse aione.

Kamanzere anaweramira ntchito yake. Mumtima mwake mafunso ankangobadwa ngati nsabwe. Anampatsa liti? Kodi Lachisanu lija ananena kuti akukapereka sofa kutali? Nanga tsiku lija Kadona anapita kuseri kukafunsa za mpando wa mayi ake, n'kukhalako nthawi yonse ija, ankakambirana za mpando? Mwina onse m'nyumba muno akudziwa, wotsala m'mbuyo ndi ine ndekha.

Kunena zoona, mphonje ya pa chikwamayo inali ndi khosi lonenepa pang'ono, ndipo mchira wake sunali wofanana bwino ngati wa m'manja mwa Kamanzere. Iye anaziona zimenezo, koma anati n'kukwechesana ndi makiyi m'thumba. Nsanje ili ndi maso akuthwa, koma imaona chokhacho chimene yabwerera.

"Iwe mwanawe." Aphunzitsi anali ataima kumbuyo kwake. Anatola mphonje imene ankapangayo n'kuigwedeza, khosi lake linagwa mbali imodzi. "Ichi n'chiyani? Khosi lalekerera ngati la nkhuku yodwala. Mtima wako uli kuti?"

"Pepani, Aphunzitsi."

"Ulusi wako wachizindikiro waikamo?"

"Ndaikamo."

"Ndiye ikabwezedwa tidziwa wochita manyazi. Masula, uyambirenso."

Umenewu unali mwambo wa mu shopumo. Wophunzira aliyense ankapatsidwa ulusi wa mtundu wake woti aziumangirira pa kamkanda ka m'kati asanayambe kukulunga. Kunja sunkaoneka. Koma kasitomala akabweza mphonje yoti yamasuka, Aphunzitsi ankang'amba mutu wake ndi sizasi, mwini dzanja n'kudziwika popanda kukangana. Wa Kadona unali wapinki. Wa Kamanzere unali wabuluu, ndipo mu mphonje ya makiyi ija anaumangamo kawiri, akumwetulira yekha ngati wopenga.

Akumasula ntchito yakeyo anayang'ananso chikwama chija. Umboni unali pomwepo, m'kati mwa kamutu kofiirako.

*

Madzulo anapeza achimwene ake pakhonde akutsuka manja ndi sopo waufa. Anali makaniko, ndipo ndi amene anamulera makolo awo atamwalira. Chibwenzi chimenechi sankachifuna kuyambira pachiyambi. Anavomera za Loweruka atachondereredwa mpaka kutopa, ndipo povomerapo ananena kuti akungofuna kuona nkhope ya munthu wolimba mtima chotere.

"Mlendo wathu wa Loweruka ali bwanji?" anafunsa osadzutsa mutu. "Tikamukhazike pa mpando uti? Yathuyi ndi yothyokatu, aziti tamuitanira ntchito."

Masiku ena onse Kamanzere ankayankha mpaka achimwene akewo kugonja ndi kuseka. Lero anangodutsa. Achimwene anaimika manja m'beseni.

"Tabwera kuno. Wakutani?"

"Palibe."

"Ine galimoto ndimaidziwa ndi kulira kwake, isanafike n'komwe pageti. Wakutani?"

Misozi ndi yopanda ulemu, imabwera ngakhale pamene sunaiitane. Kamanzere anakhala pa sitepe n'kufotokoza zonse: mphonje, makiyi, girisi wa pa sofa, kumwetulira kwa Kadona. Achimwene anamvetsera akupukuta zala chimodzichimodzi. Za zingwe zopotokera uku ndi uku sanazimve bwino, koma mutu wa nkhani anaugwira, ndipo unawakomera.

"Sindinakuuze? Mwana wa bwana wako si mnzako. Iyeyo akusewera, mayi ake anasankha kale. Anthu a masitolo amakwatirana okhaokha, iwe uzingowalukira zokongoletsa pa ukwati wawo."

"Achimwene, musatero."

"Ndikunama? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mnzanga woyendetsa malole uja wakhala akundifunsa za iwe chaka chonse. Munthu wa nyumba yakeyake, wopanda mayi womulamulira. Iwe n'kumuyankha ngati wakuponda chala."

"Ameneyo sindimufuna."

"Chabwino. Koma uyu wa masofayu ndimukonzere malo kapena ayi? Ndiuze lero, ndisawononge Loweruka langa."

Kamanzere anatulutsa foni. Panali kale uthenga wochokera kwa Wamasofa: "Wafika bwino? Lero sunali iwe." Anauwerenga kawiri. Mawu okoma omwewo anamupsetsa mtima kwambiri, poganiza kuti mwina ena ofanana nawo apitanso ku foni ina. Analemba zala zikuthamanga:

"Loweruka usabwere."

Yankho linabwera nthawi yomweyo. "Chifukwa chiyani? Achimwene akana?"

"Akana si achimwene. Funsa makiyi ako."

Foni inayamba kulira. Anaidula. Inaliranso, anaizimitsa n'kuiika chafufumimba pa sitepe.

"Sabwera," anauza achimwene ake.

"Wakula tsopano," anatero iwo, n'kutaya madzi a m'beseni pabwalo.

*

Kutacha, mkwiyo uja unali utaphwa pang'ono, pamalo pake patakhala chinthu china choipirapo: kukayika. Nanga ngati walakwitsa? Koma angalakwitse bwanji, poti wopota chakumanzere m'tauni yonse ankamudziwa mmodzi yekha? Ankafuna umboni woti augwire m'dzanja, akauponye pa sofa pamaso pa mnyamatayo, aone ngati girisi angamuthandizenso.

Wamasofa kuseri kunalibe, anali atapita kukasiya mipando kwa kasitomala. Kadona anabwera ndi chikwama chomwe chija. Nthawi ya nkhomaliro ophunzira anatuluka kukagula chakudya. Aphunzitsi anavula magalasi n'kuitana Kadona.

"Tiye undiperekeze kwa mayi ako, ndikaone nsalu zatsopano zija. Chikwamacho ingosiya, sitichedwa."

Chitseko chinatsekeka. Mu shopu munatsala Kamanzere, chikwama, ndi sizasi yaing'ono yosongoka imene Aphunzitsi ankang'ambira mphonje zobwezedwa. Munthu wanzeru akanadabwa kuti n'chifukwa chiyani sizasiyo inasiyidwa poyera, pafupi ndi chikwama, pomwe masiku onse inkakhala m'thumba la epuloni. Koma nzeru tsiku limenelo inali itatsala kunyumba.

Anamasula mphonjeyo pa zipi. Itangofika m'dzanja lake, china chake chinamuuza kuti ailekere pomwepo. Inali yolemera mosiyana. Kachingwe kake kanapotokeradi kumanzere, koma mosafanana, pena pothina, pena polekerera, ngati njira ya munthu woledzera. Pakhosi panali mfundo zitatu zosanjikizana, pomwe iye ankamanga imodzi n'kuibisa ndi singano.

Akanaibwezera. Koma anali atafika kale patali, ndipo ankafuna kuona buluu uja ndi maso ake.

Analowetsa nsonga ya sizasi pansi pa ulusi wagolide n'kudula. Khosi silinamasuke. Anadulanso, ulusi unali utauma gwa ngati chikopa. Anainunkhiza. Guluu! Osati guluu wamba, koma wachikasu uja womatira masiponji a masofa, amene fungo lake ankalidziwa bwino chifukwa linkakhala pa malaya a munthu wina. Palibe woluka mphonje, ngakhale wa tsiku limodzi, amene angathire guluu pakhosi. Angachite zimenezo ndi munthu amene moyo wake wonse amakhulupirira kuti chinthu chosamatidwa chimagwa.

Komabe sizasi sinaime. Anang'amba mutu wonse. Mchira unabalalika, ulusi wofiira unagwera pa tebulo ndi pansi. Ulusi wabuluu munalibe. Kamkanda kathabwa munalibenso. Chimene chinagubudukira pa tebulo n'kukaima pafupi ndi chala chake chinali batani lachikasu, lobulungira ngati nsawawa.

Dzanja la Kamanzere linapita lokha pachifuwa, pamene panali pini.

Zonse zinabwera pamodzi. Mapulasitala aja: ulusi wagolide umacheka zala za wophunzira aliyense sabata zoyamba. Masana onse aja mnyamatayo ankabwera ndi tiyi n'kukhala tsidya lina la tebulo, moyang'anizana naye... ayi, pamenepo akanapotera kumanja. Ndiye kuti anatengera pa mphonje ya makiyi ija, anaimasula ulusi umodziumodzi kuti aone mmene inapangidwira, n'chifukwa chake sakanatha kubwera nayo mawa kapena mkuja. Ndipo batani lija analipeza tsiku lomwelo, chogwada pakhomo paja, n'kulibisa. Bodza lokhalo limene linamuyendera bwino pamoyo wake.

Chimwemwe chinamufikira, nthawi yomweyo mantha n'kuchikankha. Ngati mnyamatayo anaipangira iye, inafika bwanji pa chikwama cha Kadona?

"Mayo ine! Mphonje yanga!"

Kadona anali pakhomo, manja ali kumutu. Kumbuyo kwake kunali Aphunzitsi, opanda nsalu iliyonse m'manja. Kwa mayi a Kadona kunali kutali ndithu, munthu sakanapita n'kubwerako nthawi imeneyo.

*

"Mwaona, Aphunzitsi? Mwaona? Wapisa m'chikwama mwanga! Ndani akudziwa china chimene watengamo?"

"Sindinatsegule chikwama chako," anatero Kamanzere.

"Nanga sizasiyo ukumetera ndevu?"

Aphunzitsi anakweza dzanja, Kadona anakhala chete. Mayiwo analowa pang'onopang'ono, anavala magalasi, n'kuyang'ana ulusi uli mbwee pa tebulo ngati akuyesa ntchito ya wophunzira. Ophunzira ena anali atayamba kubwerera, anaima pakhomo zakudya zili m'manja.

"Unkafuna chiyani m'menemo?"

"Ulusi wanga wabuluu. Ndimayesa ndi ija ndinapanga ine."

"Waupeza?"

"Ayi."

"Ndiye wang'amba chinthu chosakhala chako, cha pa chikwama chosakhala chako, ndi sizasi yosakhala yako."

Manyazi anali atamukuta Kamanzere thupi lonse, komabe funso lija silinalole kukhala m'mimba.

"Aphunzitsi, mphonjeyi anapanga ndi mwana wanu. Ndikungofuna kudziwa amene anaipereka kwa uyu."

"Ndine." Sanaphethire n'komwe. "Ndinaipeza pansi pa pilo wake ndikuyala bedi. Ntchito yoipa chotere sinatulukepo m'nyumba mwanga, koma ndinadziwa dzanja limene akutsanzira. Ndinati ndione. Ulusi timauyesa poukoka, mwanawe. Wabwino umapirira, woola umaduka. Iwe ndangokukoka pang'ono, tsiku limodzi lokha, taona pansipa."

"Amayi, munalowa m'chipinda mwanga?"

Onse anatembenuka. Wamasofa anali pa khomo la kuseri, thukuta lili kamukamu, chingwe chomangira katundu chili paphewa. Maso ake anali ofiira ngati a munthu amene sanagone.

"Nyumba ndi yanga," anayankha Aphunzitsi.

"Ndakhala ndikuifuna kuyambira Lamlungu. Ndinakufunsani, munati simunaione."

"Ndakuthandiza. Ukanakadziwira ku ukwati kuti ukukhala ndi munthu wa sizasi."

Wamasofa anawaleka mayi akewo. Mako ndi mako, ngakhale akuponde pachilonda. Anayandikira tebulo. Anayang'ana ulusi wofiira uja, timapisi tagolide touma ndi guluu, ntchito ya masabata ambiri imene ankaigwira mobisa ndi zala zake zonenepa. Anatola kachingwe kopotoka mokhotakhota kaja, kokhako kamene kanatsala kathunthu, n'kukabwezeranso pa tebulo.

"Ndimafuna ndikakupatse Loweruka, pamaso pa achimwene ako," anatero osamuyang'ana. "Ndimati akandifunsa kuti ndili ndi chiyani, ndikawaonetse kuti ndaphunzira ntchito ya mlongo wawo."

"Ndinakufunsa," Kamanzere anatero misozi ikutsika. "Dzulo ndinakufunsa, iwe n'kundiuza za girisi."

"Ndinanama, eya. Ndimabisa mphatso. Koma iwe unakhulupirira kuti ndingatenge chimene unandipangira ndi manja ako n'kukapatsa wina. Sunandiyankhe ngakhale foni. Unagamula mlandu wekha, n'kukauza achimwene ako."

"Ndikhululukire."

Kadona anali atasiya kulira, akupukuta zipi ya chikwama chake ndi kansalu ngati yadetsedwa.

"Mu shopu muno sizasi imadula ulusi wa ntchito," anatero Aphunzitsi. "Siidula zinthu za anzathu. Tenga thabwa lako ndi singano zako. Ndikakufuna ndidzakuitana."

"Amayi!"

"Iwe khala chete. Ukafuna kumutsata, khomo ndi lomwelo, koma makiyi a kuseri usiye pa tebulo."

Wamasofa anaima pakati pa mayi ake ndi chitseko ngati mpando umene wakanirira pakhomo. Sanapite uku, sanapite uko. Kamanzere anadikira kamphindi, kenako anawerama n'kutulutsa thabwa lake la misomali pansi pa benchi. Anakulunga singano m'kansalu. Mpukutu wa ulusi wabuluu anausiya, unali wa shopu. Atamaliza anatambasula dzanja kuti atenge batani lija.

Dzanja la mapulasitala linafika poyamba.

"Batani ndi langa," anatero Kamanzere chapansipansi.

"Linatayika," anayankha Wamasofa. "Ndinatola ndine."

Analiika m'thumba la malaya, la pachifuwa, n'kutseka. Nkhope yake sinanene ngati akulisunga kapena akulilanda, ndipo Kamanzere, amene dzulo lake ankadziona ngati katswiri wowerenga zizindikiro, sanayerekeze kumasulira.

*

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Anayenda mpaka pa kona, thabwa lili m'khwapa, misomali yake ikumubaya m'nthiti. Ankatchera khutu kumbuyo, kudikira mapazi olemera aja. Kunkangomveka magalimoto.

Foni inalira m'thumba. Thabwa linatsala pang'ono kugwa. Anaitulutsa msangamsanga. Anali achimwene.

"Mlongo wanga, uli bwino? Tamvera. Poti Loweruka lija latseguka, ndamuuza mnzanga wa malole uja kuti abwere. Wasangalala kwambiri, moti ulendo wake wausintha. Akubwera ndi amalume ake."

"Achimwene, dikirani kaye, zinthu sizili mmene..."

"Palibe chodikira. Unanena ndi pakamwa pako kuti uja sabwera. Ine ndapereka kale mawu kwa anthu aakulu, usandichititse manyazi."

Foni inaduka. Kamanzere anacheukira ku shopu kuja. Chitseko chinali chotseka, ndipo pawindo Kadona anali atakhala pa malo a Kamanzere pa benchi, pambali pa Aphunzitsi. Kamphepo kanadutsa n'kutsegula juzi yake. Poti aikoke, pini ija inamasuka n'kumubaya chala.